Inki ya madzi ikamakuvutani podinda nsalu kuno ku Joni

Chisanu chikangolowa, mafoni amene ndimalandira amafanana: "Achimwene, inki ija munatiuza ija yatseka sikirini, oda ya amayi a Mvano ndi ya Loweruka." Sikirini ndi felemu yokungidwa kansalu ka timabowo kotchedwa meshi, momwe inki imadutsa podinda. Ikafika nyengo ya mvula dandaulo limasintha, amati emulsion, mankhwala opaka pa meshi amene amalimba akawalitsidwa n'kusiya chithunzi chokha chotseguka, yasungunuka ntchito ili pakati. Ambiri akakhumudwa kawiri katatu amabwerera ku plastisol ndi thinazi, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa zovuta zambiri zimene amathawazo zimakonzeka mosavuta.

Plastisol ndi pulasitiki ya PVC yosakaniza ndi mankhwala ofewetsa, ndipo siitsukika ndi madzi. Ambirife timadinda m'galaja ku Rosettenville kapena m'chipinda chakuseri ku Yeoville, ana akugona khoma limodzi ndi masikirini. Malo otere si a fungo la thinazi. Inki ya madzi imatsukika ndi madzi, imalowa mu ulusi wa nsalu, ndipo chovala chimapuma. Koma ili ndi khalidwe lake. Pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimachitika kawirikawiri, kutsirizira chosowa. Muziyang'ana motsatana choncho.

## Inki ikuumira pa sikirini, timizere ting'onoting'ono tikusowa

Ili ndiye vuto lalikulu la mzinda uno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira May mpaka August mvula imasowa. Mpweya umene umakung'ambani milomo mu July ndi womwewo umene umamwa madzi a mu inki. Amene anaphunzira ntchitoyi ku Durban kapena kunyanja kwathu amadabwa akafika kuno, poti inki yomweyo imauma msanga kwambiri.

1. Simukubwezera inki pa chithunzi mukadinda. Mukangokweza sikirini, kokani inki mopepuka ndi sikwiji, labala wokokera inki, kuti iphimbe chithunzi chonse musanachotse tisheti. Meshi yosiyidwa pamtunda imauma pa kanthawi kochepa. Mwa anthu amene amandiimbira, ambiri ndithu vuto lawo limathera pomwepa.
2. Mphepo kapena kutentha kukufika pa sikirini. Onani ngati fani, hita, zenera lotsegula kapena dzuwa zikuloza pa tebulo. Gwirani thabwa lodindirapo: ngati latentha ndi chowumitsira, likuphika inki kuchokera pansi. Lisiyeni lizizire, kapena muzisinthanitsa matabwa awiri.
3. Mwaika inki yochepa. Kamulu kakang'ono kamauma msanga kuposa mulu waukulu. Thirani yambiri, yotsala mudzabweza m'chitini.
4. Meshi ndi yothina kwambiri. Nambala yolembedwa pa felemu, monga 43T kapena 90T, ndi kuchuluka kwa ulusi pa sentimita imodzi. Inki yoyera ndi ina yokhuthala imafuna 43T mpaka 62T. Zolemba zing'onozing'ono zimayenda pa 77T kapena 90T. Pa 120T m'chisanu cha kuno mukhalira kutsuka.
5. Inki yakalamba kapena chitini chinasiyidwa chotsegula. Ikakhala ndi timibulu touma, isefeni pa kachidutswa ka meshi yakale.

Chothandiza msanga ndi kabotolo kopopera madzi. Poperani kamodzi kapena kawiri m'mwamba mwa mulu wa inki, kuti madziwo agwe ngati nkhungu, osati kuthira. Ogulitsa inki alinso ndi retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma. Yambani ndi magalamu 20 kapena 30 pa kilogalamu ya inki, ndipo musapitirire mlingo wolembedwa pa chitini, chifukwa retarder wambiri amachedwetsanso kupsa kwa inki, n'kukubweretserani vuto lili m'munsili. Ine m'chisanu ndimayamba kudinda m'mamawa ndithu, ndipo ndimapachika thaulo lonyowa pafupi ndi tebulo.

Sikirini ikatseka kale, musaikande ndi chikhadabo kapena burashi yolimba. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowa, dindani pa nyuzipepala kangapo mpaka chithunzi chituluke chathunthu. Mukafuna kupuma kupitirira mphindi zisanu, chotsani inki n'kutsuka. Inki ya madzi ikaumiratu mu meshi siisungunukanso ndi madzi.

## Chodinda chikusuluka kapena kuchoka pochapa

Kuuma ndi kupsa ndi zinthu ziwiri. Tisheti ikhoza kuuma bwinobwino pa chingwe, koma inki yake isanagwire ulusi. Kuti igwire, madzi onse ayenera kutuluka kaye, kenako inkiyo ifike pa kutentha kwake n'kukhalapo nthawi yokwanira. Inki zambiri za madzi zimafuna madigiri 150 mpaka 160 kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Werengani chitini chanu, poti zimasiyana.

1. Mwaitentha ikadali yonyowa. Nthunzi ikamatuluka, inki siingadutse kutentha kwa madzi owira, ngakhale makina akuonetsa 160. Yanikani kaye. Pa heat press, makina otenthera nsalu poipanikiza, tsitsani chitsulo pafupi osakhudza nsalu kuti nthunzi ithe, kenako panikizani mutayala pepala lophikira makeke pamwamba, n'kumakweza pakati kuti mpweya utuluke.
2. Makina akunama. Ma heat press ambiri otsika mtengo amatentha pakati, m'mbali n'kumazizira. Ngati chithunzi chikusuluka m'makona mokha, chifukwa chake n'chimenechi. Yezani ndi timapepala toyezera kutentha kapena kachipangizo koyeza kutentha pongolozetsa, pakati ndi m'makona onse anayi.
3. Nsalu ili ndi sitachi kapena mankhwala a ku fakitale. Dontheza madzi pa nsaluyo. Akakhala ngati kamkanda osalowa, inkinso siilowa. Shweshwe yatsopano, monga ya Da Gama ku Eastern Cape, imauma gwa chifukwa cha sitachi, ndipo zitenje zambiri ndi nsalu za calico zilinso choncho. Chapani kaye, osaika mankhwala ofewetsa zovala.
4. Retarder kapena madzi zachuluka mu inki.
5. Ulusi wa tisheti wadzuka. Nthawi zina inki siinachoke ayi, koma tiubweya ta thonje tatulukira pamwamba pake, mtundu n'kumaoneka wotuwa. Nyowetsani malowo: mtundu ukabwerera, vuto ndi tisheti. Gulani za ulusi wosalala, kapena dindani kawiri.

Magetsi akazima, musathamangire kupsereza ndi mbaula kapena simbi ya makala. Ubwino wa inki ya madzi ndi woti imauma yokha. Yalani matisheti, musawapinde, mudzawatenthe magetsi akabwera. Simbi yamagetsi imagwira ntchito pa zovala zochepa, mphindi zitatu mpaka zisanu pa malo alionse, koma oda ya matisheti 60 a pa mwambo wa chiliza musayese.

Musanapereke oda yaikulu, tengani tisheti imodzi muichape katatu ndi sopo wa ufa, mwamphamvu ngati mmene amachapira kwathu pamwala. Ikapirira, perekani.

## Emulsion ikufewa, inki ikutulukira pomwe sipayenera

1. Emulsion yake si ya inki ya madzi. Yambiri imene imagulitsidwa ndi ya plastisol, ndipo madzi amaidya. Pogula nenani momveka kuti mukufuna yopirira madzi.
2. Siinawalitsidwe mokwanira. Potsuka chithunzi, gwirani mbali ya mkati. Ikamaterera ngati therere, kuwala sikunafike. Yesani sikirini imodzi poiphimba ndi katoni n'kumaisuntha pang'onopang'ono, kuti zigawo ziwale nthawi zosiyana, muone chigawo chimene chalimba koma mizere ili yoyera. Amene mumawalitsa padzuwa, dziwani kuti dzuwa la December ndi la June sizifanana, choncho yesaninso nyengo ikasintha.
3. Munawalitsa isanaume. Izi zimachuluka kuyambira November mpaka February, mabingu a masana akamabweretsa chinyezi. Umitsani m'malo a mdima, fani ikuwomba, kutentha kusapitirire madigiri 40.
4. Fumbi kapena mafuta pa meshi. Timabowo ngati ta singano timachokera apa. Mphepo ya August imanyamula fumbi la m'milu ya migodi, ndipo a kumwera kwa mzinda mukulidziwa bwino. Tsukani meshi ndi sopo wochotsa mafuta musanapake, ndipo umitsani m'kabati yotseka.
5. Emulsion yatha mphamvu. Ya diazo, imene mumasakaniza ndi ufa wake musanapake, ikasakanizidwa imakhala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Lembani deti pa chitini.

Chithunzi chikatuluka ndipo sikirini yauma, iikeninso padzuwa kwa mphindi zingapo. Imalimba, ndipo dzuwalo ndi laulere.

## Mtundu sukuoneka pa nsalu yakuda

Inki wamba ya madzi imaonekera mkati ngati tiyi. Yachikasu pa tisheti yakuda imangomira. Kawirikawiri ndiye kuti mwagula inki ya nsalu zoyera, pomwe mumafunika yokhuthala yotchedwa opaque. Ngati ili kale yokhuthala, mwina mukupanikiza sikwiji kwambiri moti inki ikulowa mpaka kuseri. Tembenuzani tisheti muone. Pepukitsani dzanja, dindani, umitsani pang'ono, dindaninso.

Ena adzakuuzani za discharge, inki imene imachotsa utoto wa nsalu n'kuika wake. Imatuluka yofewa mokongola, koma ndikuchenjezeni. Ufa umene amathiramo m'mitundu yambiri, wotchedwa ZFS, umatulutsa formaldehyde potenthedwa, ndipo mpweya umenewu umawononga maso ndi chifuwa, komanso uli m'gulu la zoyambitsa khansa. Kungoti inki ndi ya madzi sikutanthauza kuti njabwino kupuma. Ilipo discharge yopanda formaldehyde, funsani imeneyo. Mulimonsemo, imagwira pa thonje lokhalokha, imavuta pa mitundu ngati ya buluu wowala, yapepo ndi yobiriwira, ndipo ikasakanizidwa imatha mphamvu tsiku lomwelo. Ngati mulibe chotulutsira utsi panja, ntchito imeneyi ipatseni ena. Pa zovala za makanda ine sindiigwiritsa n'komwe.

## Zoyera zasanduka zapinki pa jezi ya mpira

Ndi polyester. Utoto wake umadzuka ukatenthedwa n'kulowa mu inki yanu, nthawi zina patapita masiku angapo jezi zili kale kwa eni ake. Tsitsani kutentha pogwiritsa ntchito mankhwala othandiza inki kupsa pa moto wochepa, valani magolovesi powasakaniza, ndipo sakanizani yokwanira tsiku limenelo lokha. Dindani jezi imodzi, idikireni masiku atatu musanapitirize.

## Utoto wa zomera ukuchucha kapena kuzilala

Achemwali angapo amene amasoka zikwama ndi nsalu za patebulo zogulitsa m'misika ya Loweruka ndi Lamlungu ayamba kudinda ndi utoto wophika okha. Ndimaikonda ntchito imeneyi, koma imafuna kudekha kuposa ina yonse.

1. Nsalu siinakonzedwe. Thonje silimwa utoto wa zomera palokha. Liphikeni kaye m'madzi a soda ash kuti mafuta ndi sitachi zichoke, kenako liviikeni m'madzi a tannin, amene amapezeka mu tiyi wakuda, makoko a makangaza ndi masamba a bulugama, kenako mu alum, mchere wothandiza utoto kugwira ulusi. Mukadumpha apa, utoto umapita ndi madzi oyamba.
2. Chomera chake sichigwira. Beetroot ndi kabichi wofiira zimakongola tsiku loyamba lokha. Turmeric, amene kwathu timati chikasu, amazilala padzuwa. Makoko a anyezi, makoko a makangaza ndi nthanga za mapeyala zimapirira bwino.
3. Phala lake ndi lamadzi. Mizere ikamafalikira ngati inki pa pepala lonyowa, onjezani chokhuthalitsa, kaya guar gum kapena sitachi yophika ya chinangwa kapena ya chimanga. Likhale ngati phala la mwana, loti likagwa pa supuni lisathamange. Lisefeni lisanafike pa sikirini.
4. Simunafukize nthunzi. Utoto wotere sumapsa pa heat press ngati inki. Nsalu ikauma, ikulungeni m'pepala, muiike pamwamba pa madzi owira m'poto wotseka kwa mphindi 30 mpaka ola, osakhudza madziwo. Idikireni masiku angapo musanachape.

Madzi a misomali ya dzimbiri yoviikidwa mu vinega akakumana ndi tannin amapereka mtundu wotuwa mpaka wakuda, koma akachuluka amadya ulusi. Wina akakupatsani ufa wa chrome kuti utoto ugwire, kanani, ndi poizoni. Poto wa utoto asabwererenso kukhitchini. Phala lotsala limasasa pa masiku ochepa, choncho phikani lochepa.

## Sikirini ikukana kuyera

Chifukwa choyamba ndi kusiya mankhwala ochotsera emulsion kuti aumire pa sikirini. Akauma amaimanga emulsion m'malo moimasula, ndipo nthawi zambiri meshi imeneyo yatha. Pakani mbali zonse ziwiri, tsukani pasanathe mphindi ziwiri, ndipo musachitire padzuwa. Chachiwiri ndi thinazi kapena acetone amene wina anapukutira sikirini, poti nazonso zimalimbitsa emulsion. Chachitatu ndi inki youmira m'mphepete mwa chithunzi.

Chithunzithunzi chakale chikatsalira, kwezani sikirini kumwamba muyang'ane kuwala. Ngati timabowo tili totseguka, limenelo ndi banga chabe, pakani emulsion mupitirize. Mankhwala ochotsa mabangawa ambiri ndi a caustic soda, amawotcha khungu ndipo amafooketsa meshi, choncho asungireni pomwe meshi yatsekekadi. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena alionse otsukira.

## Sinki yatsekeka, kapena madzi a utoto akuyenderera pabwalo

Pano ndi pomwe ambirife timalakwa ndi mtima woyera. Timaganiza kuti poti inki ndi ya madzi, ikhoza kupita kulikonse. Chimene chimaigwiritsa pa nsalu ndi acrylic, pulasitiki ndithu, pamodzi ndi ufa wa mtundu. Zimenezi zimakhazikika m'mapaipi n'kuuma, ndipo ndi zimene zimatseka sinki.

Ngalande za mumsewu sizipita kotsukira madzi. Kumpoto kwa mtunda umene wadutsa pakati pa mzinda, madzi ake amalowa mu Jukskei, mtsinje umene umayambira cha ku Ellis Park, n'kudutsa ku Alexandra mpaka kukafika ku damu la Hartbeespoort. Kumwera amalowa mu Klip n'kukathira mu Vaal. M'mphepete mwa mitsinje imeneyi mukukhala anthu, ena ndi abale athu omwe.

Njira imene ndimatsata ndi iyi:

- Palani inki yonse pa sikirini ndi pa sikwiji ndi kakhadi, mubweze m'chitini. Pukutani yotsalira ndi sanza musanathire madzi.
- Tsukirani m'beseni lalikulu, osati pansi pa mpopi wotsegula.
- Thirani madziwo mu ndowa ya malita 20, agone usiku wonse. Kasupuni ka alum kamathandiza nsenga kukhazikika.
- M'mawa tsanulani a pamwamba kudzera pa tisheti yakale. Gwiritsaninso ntchito pa kutsuka koyamba, zomwe zimapulumutsa masiku amene mipopi yauma. Akada kwambiri, apite m'chimbudzi cha madzi kapena m'paipi ya suweji.
- Nsenga zapansi ziumitseni padzuwa pomwe ana ndi ziweto safika, muzisunge m'chitini chotseka. Funsani a Pikitup, otola zinyalala a mzinda, kapena amene amakugulitsani inki komwe zinyalala zotere zimalandiridwa.

Madzi ngakhale aoneke oyera, musathirire ndiwo za m'dimba. Sinki ikayamba kuchedwa kumeza, masulani kapaipi kopindika ka pansi pake muchotse zoumazo ndi dzanja. Musathire asidi kapena caustic soda pamwamba pa mankhwala amene ali kale m'paipimo.

Pa thabwa lodindirapo, guluu wopopera wa m'chitini amadzaza chipinda ndi nkhungu yomata imene mumapuma. Alipo guluu wa madzi wopaka ndi kakhadi. Akadzaza ubweya mumangopukuta ndi siponji yonyowa, n'kumatanso.

## Inki yanunkha kapena yachita chuku

Kafungo ka ammonia mu inki zina n'kachibadwa. Fungo la dzira lovunda kapena chuku pamwamba ndiye kuti yaola, kawirikawiri chifukwa chothiramo madzi akuda kapena kubwezeramo inki ya pa sikirini yodzaza ubweya. Yobweza muziisunga m'kachitini kake. Yowola isapite pa chovala cha kasitomala.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana odziwa

- Pulagi ikutentha, waya akununkha, kapena magetsi akungodzizimitsa mukayatsa heat press. Makina amenewa amakoka magetsi ambiri kofanana ndi ketulo, koma kwa maola. Zimitsani, musalumikize pa ekisitenshoni yopyapyala yodutsa pazenera, itanani wamagetsi wovomerezeka. Makinawo akakugwirani shoko ngakhale pang'ono, asayakenso mpaka aonedwe.
- Mankhwala agwera m'diso. Tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala mutanyamula chitini chake. Pa foni ya m'manja imbani 112, ambulansi ndi 10177.
- Mwana wamwa mankhwala alionse a pa ntchitoyi. Musamusanzitse. Thamangirani kuchipatala ndi botolo lake.
- Chifuwa chikubanika, maso akuyabwa, mutu ukuwawa nthawi zonse mukatentha zovala, kapena manja atuluka zidzolo zosapola. Lekani kugwiritsa ntchito mankhwalawo, kaonaneni ndi dokotala, ndipo muuzeni ntchito imene mumagwira.
- Madzi akubwerera m'sinki kapena m'bafa la anzanu a pa yadi. Kutsekekako kwadutsa paipi yanu. Uzani eni nyumba, abwere pulambala.
- Ntchito yakula, mukutsuka masikirini tsiku lililonse. Malamulo a mzinda amafuna chilolezo pothira madzi a ntchito za mafakitale mu suweji. Kafunseni ku Johannesburg Water musanakulitse malo otsukira.
- Mwayesa zonse zili pamwambazi ndipo inki ikuchokabe pochapa. Tengani tisheti yochapayo, ina yosadinda, ndi chitini cha inki kwa amene anakugulitsani. Pemphani pepala la malangizo ndi la chitetezo la inkiyo, ndipo muwauze kutentha ndi mphindi zimene munagwiritsa ntchito.
- Kasitomala akufuna chizindikiro cha Oeko-Tex kapena GOTS, chotsimikizira kuti chovala chakwanitsa miyezo yoteteza anthu ndi chilengedwe. Zimenezi zimaperekedwa ndi mabungwe oyeza, ndipo kugula inki yokhala ndi chizindikirocho sikukupatsani ufulu wochilemba pa chovala chanu. Muuzeni kasitomalayo inki imene mwagwiritsa ntchito, mumuonetse pepala lake, nkhani ya satifiketi mukambirane ndi bungwe loyeza.